Mabisiketi a Mtedza Wathu

Nkhani iyi inayankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi wa kwa Mponda, m'boma la Mangochi.



Lero ndifuna tikambirane za mabisiketi ophika pakhomo. Ndikudziwa kuti ena a inu azibambo mwayamba kale kuseka, mukuti, "Kodi mlangizi wasanduka wophika? Za kumphika akakambe ndi amai." Chonde musatseke wailesi. Nkhani iyi ikukhudza mtedza wanu, ndalama za m'thumba mwanu, ndi moyo wa ana anu. Bisiketi amapsa pa mphindi 12 zokha, koma kukoma kwake kapena kuipa kwake kumayambira kumunda, miyezi isanu m'mbuyo mwake. Chotero bambo wolima ndi mai wophika ayenera kumvera onse awiri.

KUMENE CHINACHOKERA CHAKUDYACHI

Ku America kuli bisiketi wina wochuka kwambiri, amene m'kati mwake amaikamo tizidutswa ta chokoleti ndi mtedza wa mumtengo wochedwa walnut. Amene anayamba kumphika ndi mai wina dzina lake Ruth Wakefield, mwini nyumba ya alendo yochedwa Toll House Inn, m'dera la Massachusetts. Maiyu anaduladula chokoleti, nasakaniza ndi ufa, shuga, batala, mazira ndi mtedza, ndipo alendo ake anachikonda chakudyacho. Kaphikidwe kake kanasindikizidwa m'buku lake m'chaka cha 1938, ndipo kuyambira 1939 kampani ya Nestlé inayamba kulemba kaphikidweko pa mapaketi a chokoleti. Kuchokera pamenepo bisiketiyu anafalikira m'maiko ambiri.

Tsono ife kuno mtengo wa walnut tiribe. Mtengowu umafuna dziko limene nyengo yachisanu imazizira kwenikweni, ndipo ambiri amalimidwa ku China ndi ku California. Pa kutentha kwathu kwa kunyanja kuno sungabereke. Koko, amene amapangira chokoleti, amafuna mvula yambiri ndi mthunzi wa nkhalango. Pafupifupi theka la koko yense wa pa dziko lapansi amachokera ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana. M'dziko lathu muli mtedza wina wa mumtengo, wa macadamia, umene umalimidwa ku Thyolo ndi madera ena okwera, koma wambiri umatumizidwa kunja ndipo mtengo wake ndi wosafikirika kwa munthu wa kumudzi.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiri nao mtedza wa pansi, umene anzathu Achiyao amati mtesa. Ukakazingidwa bwino umanunkhira kuposa walnut, uli ndi mafuta okwanira, ndipo uli ndi chakudya chokulitsa thupi chimene ana athu amasowa pamene usipa wadula. Kuchipatala mumaona ana onyentchera akupatsidwa chiponde. Chiponde chimenecho maziko ake ndi mtedza womwewu, wosakaniza ndi mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Palibe chifukwa chakuti ndalama za m'mudzi zidzithera ku mabisiketi a m'mapaketi ochokera kutali, pamene chopangira chake chiri m'nkhokwe zathu.

MTEDZA WOTI MUSANKHE

Mtedza uli mitundu yambiri. Chalimbana ndi wa maso akuluakulu ndi wokoma pokazinga, koma umachedwa kucha ndipo umakondwa ku madera okwera a mvula yokhalitsa. CG7, wofiira uja, unatulutsidwa m'chaka cha 1990. Uli ndi mafuta ambiri ndipo maso ake ndi ofanana, chotero umapsa mofanana pa chiwaya. Nsinjiro umapirira ku nthenda ya khate. Kwa ife a m'chigwa chotentha, kumene mvula imatha msanga, mitundu yocha msanga monga Kakoma, Baka ndi Malimba ndiyo yodalirika, pakuti imacha pa miyezi itatu kapena inai. Maso ake ndi ang'onoang'ono, koma m'bisiketi zimenezo ziribe kanthu, pakuti mtedzawo timauphwanya.

Mtundu uli wonse mwa imeneyi uchita bwino. Chimene sichichita bwino ndi mtedza wa chuku, ndipo apa ndipo pagona nkhani yanga ya lero.

CHUKU SACHOKA NDI MOTO

Chuku ndi nkhungu imene imamera pa mtedza ndi pa chimanga zikakhala pa chinyezi ndi pa kutentha. Nkhunguyi imasiya poizoni m'kati mwa mbeu, amene akatswiri amamutcha aflatoxin. Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Si ziweto zokha ai. M'chaka cha 2004, ku Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku.

Munthu akadya chuku wambiri pa nthawi imodzi, maso amachita chikasu, amasanza, chiwindi chimatupa, ndipo angathe kufa. Koma bvuto lofala ndi la kudya pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, m'ndiwo zotendera ndi m'phala. Kudya kotere kumaononga chiwindi mwakachetechete ndipo kumabweretsa khansa ya chiwindi patapita zaka. Ana odya chuku kawirikawiri amapinimbira ndipo matenda sachedwa kuwagwira. Poizoniyu amalowanso mu mkaka wa m'mawere, ndi mu mkaka wa ng'ombe imene yadya zonyansazo.

Ambiri amaganiza kuti mtedza ukakazingidwa, kapena ukalowa mu uvuni, zoipa zonse zapsa. Iai ndithu. Moto umapha nkhungu, koma poizoni amene nkhunguyo inasiya amatsala. Kutentha kumene kumapsereza bisiketi sikukwanira kumuthetsa. Ndiponso shuga ndi chokoleti zimabisa kuwawa kumene kukadachenjeza lilime. Mwana amene akadalabvula mtedza woola, m'bisiketi wotsekemera adzaumeza mokondwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Achikulire akukumbukira kuti kale mtedza wa Chalimbana unali kugulidwa ndi Farmers Marketing Board, ndipo kuyambira 1971 ndi ADMARC, ndi kutumizidwa ku Ulaya wambirimbiri. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 msika umenewo unagwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chuku, pakuti maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo ao. Tsono taganizani. Ngati anthu a kutali akukana mtedza wotere kuti usalowe m'dziko lao, ife tiupatsirenji ana athu? Komatu ndi zimene zimachitika m'midzi yambiri: mtedza wabwino timagulitsa kwa mavenda, wotsalira pa lichero, wonyala ndi wakuda uja, ndiwo timasinja kuti tidye pakhomo. Chizolowezi chimenechi chitheretu.

KUCHOKERA KUMUNDA KUFIKA PA LICHERO

Kuti mukhale ndi mtedza woyenera kuphikira, tsatani mfundo izi.

1. Bzalani ndi mvula yoyamba. Mtedza umene mvula yautha usanakhwime, nthaka ndi kutentha, ndiwo umagwidwa chuku ukadali m'nthaka momwemo. Mizere italikirane masentimita 75, mbeu imodzi pa phando. Mapando atalikirane masentimita 15 kwa CG7 ndi masentimita 10 kwa mitundu yocha msanga. Tsekani mizere kuti madzi asathawe m'munda.

2. Kumbani pa nthawi yake. Zulani mapando angapo, muswe makoko. Ngati m'kati mwa makoko ambiri mwachita madontho akuda, mtedza wakhwima. Mukachedwa, chiswe chimaboola makoko ndipo nkhungu imalowera pomwepo. Samalani kuti khasu lisateme makoko.

3. Umitsani mtedza usanathotholedwe. Usagone pa dothi lonyowa. Usanjeni mozungulira, makoko aloze m'kati, masamba akhale kunja, pakati pakhale mpata wodutsa mphepo. Njira imeneyi alangizi amaitcha Mandela cock. Mukathothola, yanikani pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, ndipo muzilowetsa madzulo kuopa mame a kunyanja.

4. Mtedza wauma ngati ukuchita phokoso pougwedeza m'makoko, ndipo diso lake likuthyoka ndi mano mwa kuti khwa, osati kunyanda.

5. Sungani mtedza m'makoko ake, m'matumba opita mphepo, pa thandala, kutali ndi khoma ndi denga lodontha. Muziswa wokwanira nchito ya tsiku limenelo.

6. Musawaze madzi pa makoko pofuna kuti afewe poswa, ndipo musanyowetse mtedza kuti ulemere pa sikelo. Madzi amenewo ndiwo chakudya cha chuku.

7. Mukaswa, khalani pansi powala, muusankhe ndi manja, diso limodzi limodzi. Chotsani wonyala, wosweka, wobooka, womera, wosintha mtundu, ndi uli wonse wa ufa wobiriwira kapena wakuda. Asodzi amati ikaola imodzi zaola zonse. Pa mtedza mau amenewa ndi oona kwenikweni, pakuti maso owerengeka oipa angathe kukhala ndi poizoni wambiri kuposa thumba lonse, ndipo mukawasinja pamodzi ndi abwino, poizoniyo amafalikira mu nsinjiro yonse.

8. Wotsalirawo musapatse nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe, ndipo musagulitse motsika mtengo kwa mnzanu wosauka. Ukwirireni kapena muutenthe.

ZOFUNIKA POPHIKA

Tsopano tabwera kwa inu amai, ndi inu anyamata amene mumaphika za malonda. Tengani pensulo mulembe. Muyeso wathu ndi kapu ya tiyi wamba. Chachikulu ndi chakuti mugwiritse nchito kapu imodzi yomweyo pa zonse.

Ufa wa tirigu, umene timati fulawa, makapu 2 ndi theka.
Majarini, kapu 1.
Shuga wofiirira, kapu 1.
Mazira 2.
Soda, supuni yaing'ono 1, yosefukira ai, yongolingana ndi milomo.
Mchere, theka la supuni yaing'ono.
Madzi a ndimu, supuni yaing'ono 1.
Mtedza wokazinga ndi wophwanya, kapu 1 ndi theka.
Chokoleti cha magalamu 100, ngati chiripo.

Muyeso umenewu utulutsa mabisiketi pafupifupi 40.

Soda ndi yomwe ija mumathira m'therere. Nchito yake ndi kutukumula bisiketi, ndipo imagwira bwino ikakumana ndi chinthu chowawasa. Ndicho chifukwa cha ndimu. Musaonjeze soda poganiza kuti bisiketi akula. Akachuluka soda, bisiketi amawawa ngati sopo ndipo wogula sabweranso. Shuga wa m'dziko muno, wochokera ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amathiramo vitamini A kuyambira m'chaka cha 2012, chotero gulani wathu yemweyu.

KAPHIKIDWE

Choyamba kazingani mtedza wosankha uja pa chiwaya, pa moto wochepa, mukutakasa kosalekeza kufikira utanunkhira ndipo m'kati mwake mwachita kufiirira pang'ono. Musaupsereze, pakuti ukapsanso kachiwiri mu uvuni. Uzizire, muufikise m'manja, mupete timakoko tofiira. Timakoko tikachoka, yang'ananinso. Mtedza wina umaoneka bwino kunja, koma ukabvula umaonetsa banga lachikasu kwambiri kapena lakuda. Umenewonso tayani. Kusankha kwachiwiri kumeneku ndi kofunika monga koyamba. Ndipo uphwanyeni mu mtondo pang'ono chabe, diso limodzi lisweke panai kapena pasanu, usasanduke nsinjiro.

Chachiwiri, ikani majarini ndi shuga m'beseni loyera, mutakase ndi mthiko kufikira zitafewa ndi kuyererako. Apa musafulumire, mphindi 5 za kutakasa ndizo zimalowetsa mpweya umene umapepusa bisiketi. Swerani dzira limodzi m'kapu payekha kuti muone ngati liri labwino, mulithire, mutakase. Chitani chimodzimodzi ndi lachiwiri. Thiraninso madzi a ndimu.

Chachitatu, sefani ufa pamodzi ndi soda ndi mchere, muthire m'beseni muja pang'onopang'ono. Ufa ukangolowa, lekani kutakasa. Izi si mandasi kapena buledi zofuna kukanda. Mukakanda kwambiri, bisiketi amalimba ngati chikopa. Potsiriza thiranimo mtedza ndi tizidutswa ta chokoleti.

Chachinai, bvundikirani beseni, muliike m'beseni lina lalikulu la madzi ozizira a mumtsuko kwa theka la ora. Kuno kwathu kumatentha, ndipo majarini akasungunuka asanalowe pa moto, mabisiketi amayala ndi kugwirana onse kukhala chimodzi. Chifukwa cha chimenechi ndi bwino kuphika m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Chachisanu, pakani mafuta pang'ono pa thileyi. Tapani ndi supuni yaikulu, muumbe timibulu tonga dzira la njiwa lokulirapo, mutiike motalikirana zala zitatu, ndi kutipsinja pang'ono ndi foloko.

UVUNI YA MPHIKA

Musadandaule kuti mulibe uvuni ya magetsi. Amene amadziwa kuphika chikondamoyo kapena chigumu ali nayo kale uvuni. Tengani sefuliya yaikulu yokhuthala. Pansi pake thirani mchenga woyera, wouma, wokwana zala ziwiri, ndipo pamwamba pa mchengawo ikani timiyala titatu tofanana, poti thileyi ikhalepo. Mchenga umagawa kutentha kuti pansi pasapserere. Bvundikirani ndi chibvundikiro chachitsulo, muike moto pansi ndi makala a moto pamwamba. Moto wa pamwamba uchuluke kuposa wa pansi. Uvuniyo itenthe mphindi 15 musanaikemo kanthu.

Amene ali ndi uvuni ya magetsi aike pa madigiri 190. Ife ena tiyese chotere: wazani ufa pang'ono pa kambale kachitsulo, muike m'kati, mubvundikire. Ufa ukada msangamsanga, moto wachuluka, phulaniko makala. Ukakhala woyera patapita mphindi 5, onjezani moto. Ukafiirira bwino pa mphindi 3 kapena 4, uvuni yakonzeka.

Ikani thileyi, mubvundikire, ndipo musamatsegule kawirikawiri. Pakatha mphindi 10 suzumirani. Bisiketi wapsa ngati m'mphepete mwafiirira, pakati pakadali pofewa pang'ono. Mutulutseni pomwepo, pakuti amalimba akamazizira. Amene adikira kuti alimbe ali pa moto amatulutsa makala. Kuona maso a nkhono n'kudekha: thileyi yoyamba ikhale ya mabisiketi anai okha, oyesera moto.

Chenjezo: musapange uvuni kapena thileyi ndi chitini kapena mgolo umene munali mankhwala a thonje, mankhwala a mbeu, penti kapena mafuta a injini, ngakhale mutautsuka chotani. Chakudya chisakhudzenso malata ofolera nyumba.

Za nkhuni, mukudziwa nokha m'mene mapiri athu ayerera, ndi m'mene dothi likutsikira m'nyanja ya Malombe ndi kukwirira malo oswerana chambo. Lamulo la za nkhalango limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo. Kuphika mabisiketi sikufuna chipika. Zitsononkho za chimanga, mapesi a nandolo ndi nthambi zosadza ku mitengo yanu yobzala zimapereka makala a moto okwanira. Mukayatsa uvuni, phikani zonse motsatizana, ndipo pomaliza ikanimo chikondamoyo kapena mbatata kuti moto wotsala usapite pachabe.

ZA CHOKOLETI NDI MBATATA

Chokoleti ndi chodula, ndipo chimasungunuka ndi kutentha kwa dzanja la munthu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuno ku Mangochi, chimasungunuka chiri m'pepala lake. Mukachigula, chiikeni m'chitini chotseka, muchikhazike pa mchenga wonyowa pafupi ndi mtsuko, ndipo muchidule ndi mpeni pa nthawi yothira yomweyo. Njira yotsika mtengo ndi ufa wa koko wa m'chitini: chotsani masupuni akulu atatu a fulawa, muikepo masupuni atatu a koko. Bisiketi adzakhala woderapo ndi wonunkhira chokoleti, ndipo sadetsa manja pa msika. Koma ndinene poyera kuti bisiketi wa mtedza wokha, wopanda chokoleti konse, ndi wokoma pa yekha. Chokoleti chikhale cha pa Idi, pa Khirisimasi ndi pa ukwati.

Fulawa nayenso ndi wodula, pakuti tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja. Amene munabzala mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, mungathe kupulumutsa ndalama. Phikani mbatata, muisende, muikanye isakhale ndi mibulu, ndipo kapu 1 ya mbatatayo ilowe m'malo mwa kapu 1 ya fulawa. Chepetsani shuga, ndipo dzira likhale limodzi. Bisiketi wotere ndi wofewa, ali ndi vitamini A wothandiza maso a ana, koma sakhalitsa. Adyedwe pa masiku awiri.

Kwa ana osakwana zaka zitatu, musaike mtedza wa zidutswa, angatsamwe nao. Ao apangireni ndi nsinjiro yosalala. Ndiponso alipo anthu ena owerengeka amene thupi lao limadana ndi mtedza: akadya amatupa milomo, amachita zidzolo, kapena amabanika. Wotere athamangire naye kuchipatala msanga, ndipo wogulitsa aziuza ogula kuti m'bisiketimo muli mtedza. Kumbukiraninso kuti bisiketi ndi chakudya chapadera. Salowa m'malo mwa phala, nsima ndi ndiwo.

MALONDA

Msika ulipo. Asodzi akamatsika m'ngalawa m'bandakucha amafuna tiyi ndi chomwera. Kuli matiyirumu, kuli apaulendo pa depoti ya Mangochi, kuli alendo a pa mseu wa ku Monkey Bay. M'mwezi wa Ramazani mabanja amafuna zokoma za pa futari, ndipo pa nthawi yotuluka anamwali makolo amagula zambiri.

Koma musayambe malonda musanawerenge. Lembani mtengo wa fulawa, majarini, shuga, mazira ndi nkhuni. Mtedza wanu womwe muuwerengere pa mtengo umene mukadaugulitsira, pakuti sunagwe kumwamba. Phatikizani zonse, mugawe ndi 40, ndipo mudziwa chimene bisiketi mmodzi wakudyerani. Pamenepo ikanipo phindu la thukuta lanu. Ambiri amagwa chifukwa amaona ndalama m'mbale madzulo nayesa zonse ndi phindu, nadya mpamba womwe. Patulani ndalama za mpamba tsiku lomwelo.

Mabisiketi azizire kotheratu musanawatsekere. Mukawatsekera ali ofunda amachita thukuta, nafewa, nachita nkhungu. Ouma bwino amakhala sabata imodzi m'chitini chotseka. Pa msika akhale m'chidebe chobvundikira, kuti nchenche ndi fumbi zisafike, ndipo muzitapa ndi foloko kapena supuni, osati ndi dzanja limene likulandira ndalama. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe kuphika, ndipo madzi akhale a pa mjigo kapena othira mankhwala. Sitinaiwale kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anabvutika kwambiri. Kaonaneni ndi alangizi a zaumoyo ndi a khonsolo kuti akuuzeni zoyenera kutsata wogulitsa zakudya.

Ogula ambiri kuno ndi Asilamu. Gwiritsani nchito majarini kapena mafuta a mbeu, ndipo ziwiya zophikira za malonda zikhale zapadera, zosakhudza nyama imene anzanu sadya. Wogula akakukhulupirirani amabwera ndi mnzake.

KWA INU MAFUMU NDI ANYAKWAWA

Mau anga otsiriza ndi a kwa inu eni midzi, pakuti chimene mfumu yanena pa bwalo chimamveka kuposa chimene mlangizi wanena pa wailesi. Ndikupemphani zinthu zinai.

Choyamba, pa nthawi yokolola itanani anthu anu, muwauze kuti kunyowetsa mtedza ndi kugulitsa wa chuku ndi kulakwira mudzi wonse, pakuti nsinjiro ya pa msika imalowa m'mphika wa ali yense, wa mfumu womwe.

Chachiwiri, limbikitsani mabanja kuti poyamba apatule mtedza wabwino wodya pakhomo ndi wa mbeu, ndipo wotsalawo ndiwo agulitse. Bambo asatenge thumba lonse kupita nalo kwa venda, ndi kusiyira mkazi wake zotsalira za pa lichero.

Chachitatu, thandizani magulu a amai. Mutu umodzi susenza denga. Amai khumi akasonkha, angathe kugula thumba la fulawa pa mtengo wa pikulitsa, ndi kumanga uvuni imodzi ya njerwa yophikiramo mosinthana, imene imadya nkhuni zochepa kuposa masefuliya khumi. Apatseni malo oyenera, kutali ndi chimbudzi ndi khola.

Chachinai, tiitaneni. Mlangizi wa m'dera lanu ndi wokonzeka kubwera kudzaonetsa kasanjidwe koumitsira mtedza, kasankhidwe kake, ndi kaphikidwe kamene ndafotokozaka. Inu mungokonza tsiku, amai abwere ndi malichero ao, abambo abwere ndi mtedza wao, tidzasankhe pamodzi ndi kuona ndi maso kuti m'thumba limodzi mumatuluka woipa wochuluka bwanji.

Amene simunathe kulemba muyeso uja, kafunseni ku ofesi ya zaulimi imene muli nayo pafupi.